Kadimba ka pachionetsero sikadziwa mbuzi

Ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi mukweza zikope n'kufunsa kuti kodi tsamba lino, lomwe tidazolowera kukanganirapo za ndakatulo, zisudzo ndi mabuku, layamba liti kulowerera nkhani za matumba a repu. Pepani, musafulumire kutsegula tsamba lina. Munthu akatenga dothi ndi mbewu n'kuziyala mwaluso pabwalo, kenaka n'kuitana khamu kuti lidzaone ndi kuomba m'manja, ameneyo waonetsa chisudzo basi. Tsono chisudzo chilichonse chiyenera kuunikidwa, kuti pomwe chakhoza tichiyamikire, pomwe chanama tichiuze kuti apa mwanama. Izi ndi zomwe ndikufuna kuchita lero ndi timadimba tomwe ndidaona pachionetsero china cha zaulimi kwathu ku Phalombe.

Udali mwezi wa Ogasiti, fumbi litayamba kale kulamulira m'chigwa chonse kuchokera m'tsinde mwa phiri la Michesi mpaka kunyanja ya Chilwa. Ndidapita kumudzi kukaona amayi anga aang'ono, omwe amakhala chakufupi ndi Migowi, ndipo ndidapeza kuti pabwalo la mpira la sukulu ina pali chionetsero. Mukudziwa mmene zionetsero za m'maboma mwathu zimakhalira: atonde omangirira pazikhomo, nkhunda m'madengu, milu ya nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga, chimkuzamawu chikusokosa, ovina tchopa akudikira kuti mlendo wolemekezeka afike. Koma chakumapeto kwa mzere kudali ngodya yomwe idakoka anthu kuposa zonse. Pansalu yake adalembapo za ulimi wa pamalo ochepa, woti ngakhale munthu wa m'tauni kapena wa patiredingi senta angathe kuuchita pakhonde pake. Poti ine ndine mmodzi wa anthu a m'nyumba za lendi ku Blantyre, ndidaona kuti chisudzo ichi alembera ine, ndipo ndidaima.

Gawo loyamba lidali la matumba, lokonzedwa ndi achinyamata a bungwe lina, onse atavala malaya ofanana. Ndiyambe ndi kuyamika, poti luso lidalipo ndithu. Amatenga thumba la feteleza lotha ntchito, pakati pake n'kuimika mzati wa timiyala kuyambira pansi mpaka pamwamba, m'mbali monse n'kudzazamo dothi losakaniza ndi manyowa. Akatero amaboola timabowo m'nthiti mwa thumbalo n'kulowetsamo mbande, zina n'kubzala pamwamba. Ukathira madzi pamiyala paja, madziwo amatsetsereka n'kumalowerera m'dothi lonse, osangonyowetsa pamwamba pokha. Motero pamalo poti pakadamera mbande zinayi kapena zisanu pamamera zambirimbiri. Nzeruyi siidayambire kuno. Anzathu a ku Kibera mumzinda wa Nairobi, komwe nyumba n'zothithikana kuposa ku Ndirande, akhala akulima m'matumba kwa zaka zambiri. Matumba aja adaima mumzere wowongoka, repu ndi chainizi zili biriwiri, ndipo wina aliyense wodutsa ankati, "Koma abale, zilikotu!"

Gawo lachiwiri lidali la ana a sukulu ya sekondale. Iwo adatenga matayala akale n'kuwapaka penti yofiira, yachikasu ndi yoyera, n'kuwasanjikiza ngati masitepe. Kumbuyo kwake adaimika chimango cha matabwa, pomwe adapachikapo mabotolo apulasitiki odula pamimba, m'botolo lililonse muli kamtengo ka letesi kapena sitiroberi. Kunena zoona, pabwalo lonselo apa ndi pomwe padali chisangalalo. Anawo ali ndi diso la mitundu, ndipo mphunzitsi wawo ayenera kuyamikidwa powalola kusewera. Anthu ambiri adajambulitsa apa ndi mafoni awo. Komabe ndidadzifunsa kuti kodi letesiyu amudyera nsima ndani ku Migowi kuno. Zidandikumbutsa ndakatulo zina zomwe timalandira patsamba lino, zomveka kuti mlakatuli adaziganiza m'chilankhulo china n'kungozivekera malaya a Chichewa.

Amayi aang'ono adayenda nane pang'onopang'ono, manja kumbuyo ngati alangizi. Adagwira tsamba limodzi la repu n'kulitembenuza, ndipo sadapezepo ndi kabowo komwe ka mbozi. Adasuzumira kuseri kwa matumba. Kenaka adatembenukira kwa mnyamata wofotokozera anthu uja.

"Zikomo mwanangu, ntchito mwaigwira. Koma mbuzi yake ili kuti?"

Mnyamatayo adadabwa. "Mbuzi zili uko amayi, kumzere wa ziweto."

"Iyayi, ine ndikunena mbuzi ya dimba linoli. Dimba lililonse lili ndi mbuzi yake. Yanu mwaiika pati?"

Anthu adaseka, mnyamatayo naye adaseka mwamanyazi, ife n'kupitirira. Koma ine, yemwe ndimadzitcha wounika zaluso ndipo ndili ndi kapepala ka dipuloma m'sutikesi, ndidazindikira kuti mayi wosapitirira Sitandade 4 wamaliza ntchito yanga yonse ndi funso limodzi. Timadimba tija tidalibe mpanda chifukwa tidalibe mdani. Ndipo chisudzo chopanda mdani, inu a zisudzo mundivomereza, sichiphunzitsa kanthu za moyo.

Mbuzi ya amayi aang'onoyi ili ndi maina angapo. Dzina loyamba ndi madzi. Nditafunsa mnyamata uja kuti thumba limodzi limamwa madzi ochuluka bwanji patsiku, adati, "Pang'ono chabe, akulu." Koma nditazungulira kuseri kwa tenti ndidapeza zigubu zili mbwee, ndipo mnyamata wina wa njinga adali kalikiliki kutunga kumjigo. Thumba loima padzuwa limawombedwa ndi kutentha mbali zonse, choncho limauma msanga kuposa dothi la pansi. Za botolo ndiye musanene: dothi lake ndi lodzaza manja awiri basi, ukalithirira m'mawa pofika masana lauma gwa. Kwa munthu wa ku Mbayani kapena ku Bangwe, yemwe madzi amagula pandowa kukiyosiki ndipo mpopi ukhoza kukhala wouma masiku angapo, funso la madzi ndiye mutu wa nkhani. Kuliyankha ndi mawu oti "pang'ono chabe" ndi kumunamiza.

Dzina lachiwiri ndi nthawi. Mbande zonse zija zidali zofanana msinkhu ngati asilikali a paperete, ndipo padalibe phesi ndi limodzi lomwe losonyeza kuti wina adathyolapo ndiwo dzulo. Matumba adali atsopano, penti ya matayala ikununkhabe. Aliyense yemwe adasiyapo thumba la feteleza padzuwa akudziwa kuti pakapita miyezi limafumbutuka n'kung'ambika lokha. Nanga nsabwe za m'masamba zikagwa? Nanga dothi likatopa? Chionetsero chidatipatsa tsiku limodzi lokoma kwambiri pamoyo wa dimba, masiku ena onse n'kuwabisa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzina lachitatu ndi mwini malo, ndipo apa ndilankhula zomwe zidandionekera ine ndemwe. Chaka china, ndikukhala pamdadada wa zitseko zisanu ndi mpopi umodzi ku Ndirande, ndidakonza matumba awiri otere. Kwa masabata atatu ndidali mfumu, anzanga olemba ankabwera kudzasirira. Kenaka akazi a alandilodi adayamba kuguguda kuti bilu ya madzi yakwera kaamba ka "munda wa a mtolankhani". Nkhuku za oyandikana nawo zidamaliza masamba onse a m'munsi. A pamwamba adathyoledwa usiku ndi munthu yemwe mpaka lero timapatsana moni. Pomaliza lendi idakwera, ndipo posamuka ndidazindikira kuti thumba lodzaza dothi lonyowa silikwera pawilibala limodzi ndi matiresi. Ndidawasiya pomwepo. Munthu wa lendi sabzala ngati mwini nyumba, chifukwa sadziwa ngati mwezi wamawa adzakhala alipo. Pa zonsezi chionetsero chija chidangoti chete.

Pobwerera ku Blantyre ndidayamba kudzifunsa kuti kodi mwambo woonetsa madimba ngati zithunziwu kwawo n'kuti. Kwawo kwenikweni ndi ku Mangalande. Mumzinda wa London muli chionetsero cha maluwa chotchedwa Chelsea Flower Show, chomwe bungwe la Royal Horticultural Society lakhala likuchititsa pabwalo la Royal Hospital Chelsea kuyambira mu 1913. Chimachitika m'mwezi wa Meyi ndipo chimatha masiku asanu. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udalepheretsa anthu kusonkhana, ndipo mu 2021 chidachitika mu Sepitembala. Chaka chimenecho okonza adayambitsa magawo awiri atsopano: la timadimba ta pakhonde la nyumba zosanja, lililonse mamita 5 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, ndi la timadimba ta m'miphika ndi m'zotengera zina. Adatero atazindikira kuti anthu ambiri a m'mizinda, makamaka achinyamata a lendi, alibe bwalo loti n'kulimapo, ndipo nthawi ya mliri ija ambiri adapeza mpumulo pa kamphika ka maluwa ka pawindo.

Nawonso a ku Chelsea amachita zachisudzo, mwinanso kuposa ife. Dimba lomwe limaoneka ngati lakhalapo zaka makumi awiri amalimanga m'masabata ochepa. Maluwa ena amawasunga pozizira kuti achedwe kumasula, ena pofunda kuti afulumire, cholinga choti onse amasule sabata imodzimodziyo. Tsiku lomaliza belu likalira madzulo, mbewu zambiri zimagulitsidwa pomwepo, anthu n'kumatuluka atasenza maluwa ngati akuchokera kumunda. Choncho sindikunena kuti azungu ndiwo oona mtima, ife ndife onama, ayi. Koma pali zinthu ziwiri zomwe iwo amachita zoti tikadatengerako.

Choyamba, wokonza dimba amayamba walemba cholinga chake: dimbali ndi la munthu wotani, akukhala malo otani, akufuna chiyani. Oweruza popereka mendulo ya golide, siliva kapena buronzi amayang'ana ngati dimbalo lakwaniritsa zomwe mwini wake adalonjeza. Kunena mwa chilankhulo cha tsamba lino, chisudzo chawo chimakhala ndi mtengambali. Timadimba ta ku Phalombe tija tidalibe munthu m'kati mwake. Kodi thumba lija lidali la mayi wa ana anayi wogulitsa mandasi pa Migowi? La mphunzitsi wokhala m'nyumba ya sukulu? La mlonda wa ku Chirimba? Aliyense wa anthu amenewa ali ndi mbuzi yakeyake, ndipo kadimba kake kayenera kusiyana ndi ka mnzake.

Chachiwiri, m'zaka zaposachedwapa madimba ambiri a ku Chelsea amasamutsidwira kusukulu, kuzipatala ndi malo ena chionetsero chikatha, kuti akapitirize moyo. Chitsanzo chotikhudza ife ndi dimba la bungwe la CAMFED, lomwe limathandiza maphunziro a atsikana m'maiko a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Mu 2019 dimbalo, lokonzedwa ndi Jilayne Rickards potengera ulimi wa amayi a ku Zimbabwe, lidapata mendulo ya golide m'gawo la madimba ang'onoang'ono, kenaka lidasamutsidwira ku Eden Project m'chigawo cha Cornwall. Mudali chiyani m'dimbamo? Dothi lofiira, chimanga, nyemba, mbatata, nthochi ndi mapapaya. Tamvani zimenezo! Mbewu zomwe ife timaziona ngati zosayenera kuonetsa alendo zidakatenga golide ku London, pomwe ife kuno tili kalikiliki kupachika letesi m'mabotolo.

Apa ndafika pa chomwe chidandiwawa kwambiri. Pangodya yonse ija sindidaone bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, chitambe, kholowa, denje kapena tsabola wa kambuzi. Chonsecho izi ndi ndiwo zodziwa dothi lathu. Zambiri mwa izo zimadzimerera zokha, mbewu yake sugula kusitolo, ndipo bonongwe ukamuthyola nsonga amaphukanso nthambi zina. Sindidaonenso duwa ndi limodzi lomwe lamoyo. Maluwa okhawo pabwalo lonse adali apulasitiki, patebulo la mlendo wolemekezeka. Nditafunsa mtsikana wina wa malaya ofanana aja chifukwa chake, adandiyankha mosakayika, "Maluwa sadyedwa, akulu." Kwa ana a sukulu aja, penti ndiyo idagwira ntchito ya maluwa.

Sindikumuda mtsikanayo, chifukwa maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Dimba la maluwa lidalowa m'dziko muno pamodzi ndi atsamunda. John Buchanan adafika ku Blantyre Mission mu 1876 ngati wosamalira madimba. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la Harry Johnston, adayamba kukonza dimba la boma ku Zomba, lomwe lilipo mpaka lero, ndipo mkungudza wa m'phiri lathu la Mulanje m'mabuku a sayansi umatchedwa Widdringtonia whytei potengera dzina lake. M'zaka zomwezo makolo athu Achilomwe ankaoloka kuchokera ku Mozambique, ambiri n'kukathera m'maesiteti momwe ankagwira thangata. Duwa lidali la dona, kheni yothirira idali ya agogo athu. Mawu oti gadeniboyi tidatsala nawo mpaka lero, ndipo bambo wa imvi amatchedwabe boyi malinga wagwira kheni pabwalo la bwana ku Namiwawa kapena ku Area 10. Nanga n'zodabwitsa kuti mwana wa ku Phalombe akule akudziwa kuti duwa ndi la ena?

Taonaninso chilankhulo chathu. Masamba odyedwa tidawapatsa maina mpaka kusiyanitsa tsamba ndi mbewu yake: la dzungu ndi nkhwani, la nyemba ndi khwanya, la khobwe ndi chitambe, la chinangwa ndi chigwada, la mbatata ndi kholowa. Koma zomera zokongoletsa pakhomo pafupifupi zonse timangoti maluwa. Ndipo munthu akabwera ndi nkhani zopanda mutu timati wanena za m'maluwa, monga muja adachitira Kandimverere. Ife alakatuli timakonda kutchula duwa pofuna kukopa namwali, koma mutatifunsa kuti ndi duwa lanji, ambirife tingangokanda m'mutu.

Komabe kunena kuti Mmalawi sakonda maluwa ndi bodza lamkunkhuniza. Yendani m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe muone anyamata omwe akudya ndi kulipira lendi pogulitsa mbande za maluwa m'machubu m'mphepete mwa msewu. Lowani m'tchalitchi chilichonse Lamulungu muone zomwe amayi ayala kuguwa. Pitani pamaliro muwerenge nkhata. Dutsani m'tinjira ta ku Chilomoni kapena ku Kawale muwerenge zitini za mkaka ndi mabeseni obooka omwe ali ndi maluwa pamakonde a anthu osauka. Palibe bungwe lomwe lidawauza kuti atero. Munthu yemwe wagona ndi njala dzulo n'kudzuka m'mawa kuthirira duwa m'chitini akunena kanthu kena kokhudza ulemu wake, ndipo chionetsero chomwe chikumuona ngati mimba yokhayokha chamuchepetsa. Ngakhale tikanena za mimba yomweyo, dzungu silibereka popanda njuchi, ndipo njuchi imatsata duwa.

Mwina wina anena kuti a mlembi mwakulitsa nkhani, matumba a repu okha mpaka mbiri ya atsamunda. Ndikuyankha kuti nkhani ya malo ochepa kwathu kuno si yamasewera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidali anthu oposa 17.5 miliyoni, mzinda wa Blantyre wokha uli ndi anthu oposa 800,000. Phalombe, yemwe adakhala boma payekha mu 1998 atachoka ku Mulanje, adali ndi anthu oposa 400,000. Kwathu munda umatsata mbumba ya akazi, ndipo m'badwo uliwonse umagawidwanso kwa ana aakazi, mpaka pano ena atsala ndi kachigamba koti mwana akhoza kuponya mwala n'kudutsa malire. Kuwonjezera apo phiri nalo limalanda. Mu Malichi 1991 Napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, minda n'kukwiririka ndi miyala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso zomwezo ku Nkhulambe ndi madera ena a Phalombe ndi Mulanje, komanso ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Mu 2024 kudabwera ng'amba, boma mpaka kulengeza kuti maboma 23 ali pangozi. Banja lomwe munda wake wasanduka mchenga, kapena lasamutsidwira pakapuloti kongokwana nyumba, likamva za ulimi wa pamalo ochepa limatchera khutu ndi mtima wonse. Likayesa zomwe laona pachionetsero n'kulephera, limadziona ngati lopusa ndilo, ndipo silidzayesanso. Apa ndi pomwe bodza lokongola limapweteka munthu.

Madzulo a tsiku lomwelo ndidakhala pakhonde la amayi aang'ono n'kuyang'ana bwalo lawo ndi maso atsopano. Ndakhala ndikulowa pakhomopo kuyambira ndili mwana, koma sindidaganizepo kuti pali dimba, chifukwa palibe mizere. Pomwe madzi a kubafa amatulukira pali phata la nthochi ndi koko. Pampanda wa udzu wa bafalo payanga shushu. Pansi pa thandala la mbale, pomwe madzi otsukira amadonthera tsiku ndi tsiku, pamera tomato ndi bonongwe, ndipo azungulizapo minga ya mthethe. Mbande za mpiru amafesa m'phale lomwe amaliika padenga la khola la nkhuku, pomwe mbuzi singafike. Nandolo ndiye malire ndi oyandikana nawo. Tsabola wa kambuzi ali pakona, poti iye sasowa mlonda. Ndipo pakhonde pali zitini zinayi za maluwa ofiira ndi oyera omwe adapempha kwa mnzawo wa kumpingo, dzina lake onse awiri salidziwa. Palibe dontho la madzi lomwe limagwira ntchito imodzi yokha pakhomopo, ndipo chomera chilichonse chidaikidwa poganizira mdani wake.

"Bwanji simudakaonetse zimenezi kuchionetsero kuja, amayi?" ndidafunsa.

Adaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Bambo, sukulu yanuyi! Ndikadanyamula bafa pamutu? Dimba silipita kwa anthu, anthu ndiwo amapita kudimba."

Poti ndine wounika, nawonso sindiwasiya osawadzudzula. Madzi a kubafa aja nthawi zina amadikha, ndipo podikha madzi pamaswana udzudzu. Zinyalala zomwe akadapangira kompositi amazitentha m'mawa uliwonse akasesa. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika poswa mtengo, bwalo lawo limachepa ndiwo ndithu. Apa ndi pomwe nzeru ya achinyamata aja ikadawathandiza. Ndipo idawathandizadi, chifukwa amayi aang'ono ngakhale adaseka, maso awo adaba luso. Nditapitanso patatha miyezi iwiri ndidapeza thumba limodzi lili ndi mzati wake wa timiyala, koma ataliimika pamthunzi wa mpapaya pafupi ndi thandala, atalizinga ndi minga, m'timabowo muli bonongwe ndi mpiru, pamwamba pali duwa limodzi lofiira. Lidali losaoneka bwino pachithunzi, masamba ena odyedwa ndi mbozi, mapesi ambiri othyoledwa. Koma lidali lamoyo mu Okutobala, ndipo usiku umenewo tidadyera nsima ndiwo zake.

Choncho chigamulo changa pa timadimba ta pachionetsero chija ndi ichi: luso la manja lilipo, mtima wofuna kuthandiza ulipo, koma sewerolo lidalembedwa popanda kufunsa omwe likunena za moyo wawo. Achinyamata aja asagwe mphwayi. Adziwe chabe kuti ena mwa amayi omwe ankawaphunzitsa tsiku lija akhala akulima pamalo ochepa iwo asadabadwe.

Kwa okonza zionetsero, kaya za m'maboma kaya chachikulu chija cha zaulimi chomwe bungwe la amalonda la MCCCI limachititsa ku Chichiri, ndili ndi mapempho anayi. Loyamba, aliyense woonetsa kadimba alembe pachikwangwani kuti n'ka munthu wotani, kamamwa ndowa zingati patsiku, ndipo kadabzalidwa liti. Lachiwiri, pakhale gawo la anthu a lendi, la kadimba koti munthu angathe kusamuka nako. Lachitatu, ndiwo zathu ndi maluwa zipatsidwe malo, ndipo ogulitsa maluwa a m'mphepete mwa msewu aja aitanidwe ngati akatswiri. Lachinayi, lomwe ndi lalikulu, mphotho yeniyeni isaperekedwe pabwalo la mpira mu Ogasiti. Oweruza akwere njinga mu Okutobala, akalowe m'makomo a ku Migowi, ku Chiringa, ku Ndirande ndi ku Mtandire, akaone kadimba komwe kapirira dzuwa, nkhuku ndi alandilodi. Izi si zachilendo m'dziko muno. Glyvyns Chinkhuntha, yemwe adayamba Tikondwe Freedom Gardens ku Dowa mu 1982 pakachigawo ka dambo, adatchuka chifukwa alimi, ophunzira ndi alendo a kunja ankapita okha kukaona madzi akuyenda m'ngalande zake. Umboni wake udali dimba lenilenilo, pamalo pake, nyengo iliyonse.

Kwa anzanga alakatuli, phunziro ndi lomweli. Tili ndi ndakatulo zambiri zomwe zimawala tsiku lolakatula, pamaso pa mlendo wolemekezeka, mawu onse ofanana msinkhu, opanda kabowo ka mbozi. Anthu amaomba m'manja, n'kupita kwawo opanda choti akagwiritse ntchito mawa. Musadatumize ndakatulo yanu kutsamba lino, taifunsani kaye funso la amayi aang'ono.

Ine pano ndayambanso. Pakhomo la lendi pomwe ndikukhala tsopano ndaika beseni limodzi lobooka pamwamba pa njerwa, muli luni ndi kambuzi, ndi chitini chimodzi cha duwa lija lopanda dzina lomwe ndidapempha kumudzi. Ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga. Alandilodi atsopano adaima n'kuyang'ana kwa kanthawi sabata yatha, osanena kanthu. Kaya akuwerengera bilu ya madzi, kaya akufuna kupempha mbewu, tiona mwezi ukatha.